Alongo Anga Anathira Mchere M'mitambo

Alongo anga anabwera ndi thumba la mchere, basi. Munthu anachoka pamudzi tsitsi lili bii, akubwera mutu uli mbuu, katundu wake n'kukhala thumba la mchere ndi kachikwama ka zovala. Mota, njinga yamoto imene anakwera pa Ntengo-Wambalame, inawatsitsa pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba yanga, ine ndili kumunda. Pobwera ndinapeza mkulu wina wowonda atakhalira thumba, akutsokomola, ndipo ndinagwada n'kumupatsa moni ngati mlendo. Iye anaseka. Kusekako ndi kumene kunandiuza, chifukwa kunali kwa malemu amayi athu, mapewa okha kugwedezeka, mawu osatuluka.

"Mana, wandiiwala?"

Mana, ati chemwali, mana chiyani! Ndinalira, inde, koma inali misozi ya mkwiyo. Ife tinabwerera limodzi kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, amayi, iwowo ndi ine, tinadula tchire pa bwinja lathu n'kumanganso nyumba. Iwo sanakhalitse. Anakwatira kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje, koma mwana wawo asanayambe n'kuyenda komwe, anati akukafuna ntchito ku porto, kudoko la zombo kunyanja yaikulu. Kupita kwake kunali komweko. Mkazi anadikira, anatopa, anakwatiwa ndi wina. Amayi atadwala tinatumiza mawu, atamwalira tinatumizanso. Zii. Maliro a amayi ndinayendetsa ngati ndinabadwa ndekha.

Ndiye ndinawafunsa pomwepo, madzi akumwa ndisanawapatse: "Achimwene, mwadzatani?"

"Ndabwera kudzagona pafupi ndi amayi," anatero. "Chifuwachi sichindisiya. Sindikufuna kukwiriridwa mumchenga ndi anthu osadziwa kwathu."

Mawu onse amene ndinawasungira zaka zonsezo anandithawa. Ndinalowa m'nyumba n'kuchotsa mbewu m'chipinda chimene ndimasungiramo kachewere, ndinasesa, ndinayala mphasa. Ku posto, kachipatala kathu, enfermeiro anawapatsa mapiritsi, ine n'kundiitanira pambali kundiuza kuti mapapo anatha kale, ndiziwafunditsa, asamatuluke kukazizira. Kumanda athu, pambali pa amayi, panali malo amodzi otsala pansi pa mtengo wa msuku. Ndinkati malowo ndi anga. Sindinauze munthu, koma mumtima ndinawapatsa iwo.

Mchere uja unali wa miyala, wotuwira, osati wa m'timapepala umene timagula ku mercado. Alongo anga anaugawa okha. Ankakhala pakhonde atafunda bulangete, kapu ili m'manja, akazi a m'mudzi akubwera ndi mbale. Nyumba iliyonse inalandira. Ena anavina pabwalo pothokoza, ena ankalawa kamwala n'kumati uwu ndiye mchere, winawu timangonamizidwa. Ndinawaona alongo anga akutupa ndi chimwemwe, ndipo ndinamva chisoni, chifukwa ndinadziwa kuti moyo wawo wonse wa kunyanja unathera m'thumba limenelo.

Vuto la alongo anga linali pakamwa. Kuyambira ali mnyamata, nkhani ikadutsa pakamwa pawo inkanenepa.

Mvula inayamba bwino chaka chimenecho. Kachewere atamera ndinafulula thobwa n'kuitana anthu kuti adzandithandize kukwezera mizere. Masana tinakhala pamthunzi m'mphepete mwa munda, thukuta lili kamukamu, aliyense akudandaula kuti dzuwa la masiku ano si la ku Tsangano kumene tinakulira, lakhala ngati la ku Tete. Alongo anga anali pomwepo, khasu sanagwire koma chipanda anagwira.

"Dzuwali anthu analipezera kale mankhwala," anatero.

Anafotokoza, ndipo kunena zoona anafotokoza bwino. Anati kuli zombo zimene zili ndi bomba ngati yathu yopoperayi, koma yaikulu ngati nkhokwe. Bombayo imakoka madzi a m'nyanja n'kuwapopera kumwamba ngati nkhungu. Madziwo amauma m'mwamba, n'kutsala timchere tosaoneka ndi maso, mphepo n'kutikweza mpaka m'mitambo. Mtambo ukadya mcherewo umayera mbee, ndipo mtambo woyera umabweza dzuwa kumene lachokera, monga malata atsopano amathobwera maso. Pansi pake pamazizira.

"Mentira! Bodza!" anakuwa bambo wina amene munda wake unachita malire ndi wanga. Anthu anafa nacho chiseko.

Ndinaona khosi la alongo anga likuuma. Ndinkawadziwa. Ndinafuna kuwapatsa thobwa lina kuti pakamwa patsekeke, koma ndinachedwa.

"Mentira yanji? Ine ndinaliko. Bomba imeneyo ndinaigwira ndi manja awa."

Anthu anasekanso, ena kuwomba m'manja, wina n'kuti ndiye mutipopereko pano, akulu, tikupsa. Munthu mmodzi yekha sanaseke, azakhali athu, mlongo wa malemu bambo. Ndi mayi wofatsa, wa kutchalitchi, amene ana ambiri a m'mudzi muno anabadwira m'manja mwake. Anafunsa motsitsa mawu.

"Mwana wa achimwene, mchere umenewo amathira ndani?"

"Aliyense amene ali pantchito tsiku limenelo, azakhali."

"Aliyense?"

"Aliyense."

Azakhali anatsitsa chipanda chawo pansi, thobwa lili momwemo. Sanamwenso.

Kwathu kuno mchere sathira munthu wamba. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana wina kuti amuthirire. Munthu amene wayenda njira zoipa, wagona kumene sayenera kugona, timati ndi wotentha, ndipo akathira mchere odyawo amadulidwa: miyendo imatupa, chifuwa chimabaya, munthu amafota akuona. Timati mdulo. Kutchalitchi timanena kuti zimenezi tinasiya, koma kalowe m'khitchini ya mayi aliyense wa m'kwaya ukaone amene wagwira mchere. Tsono apa panali mwamuna amene anasiya mkazi ndi khanda, amene anakhala ku porto zaka zosawerengeka ndi akazi amene sitikuwadziwa, akunena ndi pakamwa pake kuti anathira mchere mumphika umene dziko lonse limamweramo.

Tsiku limenelo palibe anaganiza zimenezo koma azakhali okha. Enafe tinadzakumbukira mu Janeiro, mvula itadula.

Mvula kudula si chachilendo, tinazionapo. Chachilendo chinali mitambo. Ikadula masiku onse kumwamba kumakhala koyera, dzuwa lili phwee. Chaka chimenecho mitambo inkabwera tsiku ndi tsiku. M'mawa nkhungu inkatsika kuchokera m'phiri la kum'mawa kwa mudzi n'kukhala m'minda ili tolo, munthu osaona nkhokwe yake yomwe. Dzuwa likakwera nkhunguyo inkanyamuka n'kukaunjikana kumwamba, milumilu, yoyera moti ukaiyang'ana maso ankatuluka misozi. Mimba yake sinkada ngakhale pang'ono. Sinkagunda, sinkayenda. Inkangokhala pamwamba pathu ili duu, chimanga chikupota masamba pansi pake. Achule kudambo anasiya kulira. Ndikukumbukira kuti anthu tinayamba kuyenda chowerama, ndiponso kulankhula motsitsa mawu panja, wosatiuza munthu.

Kenako kachewere anayamba kupsa. Masamba ankada m'mphepete ngati awauka ndi moto, ndipo ukatembenuza tsamba m'mawa unkapeza kunsi kwake kuli tinthu toyera ngati ufa. Abale inu, chiwawu ndimachidziwa, ndakalamba nacho. Chimakonda nkhungu, chimabwera choncho, mankhwala ake amagulitsa ku mercado. Koma bambo wa munda woyandikana ndi wanga uja, yemwe uja anakuwa kuti mentira, anathyola tsamba, ananyambita, n'kunena pamaso pa anthu kuti ukuwawa mchere. Pofika madzulo mudzi wonse unali utanyambita masamba. Ine ndinanyambitanso, ndisaname, kumunda kwanga ndili ndekha. Sindinamve kanthu. Ndinanyambita lachiwiri, ndipo pamenepo sindinathenso kunena kuti mchere mulibe.

Mmawa wina ndikutsegula chitseko ndinapeza mbale pakhonde, muli mchere. Ndinaganiza kuti wina waiwala. Mawa lake zinali mbale zingapo, wina anakulunga m'tsamba la nthochi, wina anangothira pansi kamulu. Palibe anagogoda, palibe anati odi. Ankabwera m'nkhungu ija n'kubwereramo, ine ndikumva mapazi okha pa udzu wonyowa. Tsiku lina ndinaona nsana wa mayi amene ndinakula naye, amene tinagona naye msasa umodzi ku Malawi, ukulowa m'nkhungu. Ndinamuitana. Sanacheuke.

Ndinapsa mtima, ine! Ndinaima pabwalo n'kukuwira nkhunguyo. "Pomwe munkavina paja simunkadziwa kuti ndi mchere? Mwadya, mwanyambita zala, lero wasanduka poizoni? Bwerani masana ngati anthu!" Mawu anga anangomira, ngakhale galu sanauwe. Nditacheuka ndinapeza alongo anga ali pakhomo atafunda bulangete, akuyang'ana mbale zija. Anawerama pang'onopang'ono n'kuyamba kubwezera mcherewo m'thumba ndi manja. Thumba limene linatsala pang'ono kutha linayambanso kudzaza.

Si mchere wa alongo anga wokha umene anthu anasiya. Mantha akalowa sasankha. Nyumba zambiri zinayamba kudya nyemba zopanda mchere n'komwe, kuopa kuti mwina ndi wa m'nyanja yomweyo. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inayamba kukula, ndinkakhala ndekha pakati, malo mbali zonse.

Ndinakwera pachulu pamene pamagwira rede ya telefone n'kuimbira mwana wanga wamkazi, amene ndi professora, amaphunzitsa ana ku Furancungo. Ndinkafuna andiuze kuti zonsezi ndi bodza la amalume ake, kulibe zombo zotero. Sanandiuze choncho.

"Amama, nkhaniyo iliko," anatero. "Ma cientista akuyesa, koma ndi kunyanja zakutali, ndiponso n'zoyesa chabe, zazing'ono. Kunyanja yathu ino sindinamvepo. Kacheweredyo mupopereni, ndi chiwawu."

"Nanga zingathe kuthamangitsa mvula?"

"Ena akuopa kuti zitachitika zambiri zingasunthe mvula, ikagwe kwina. Palibe akudziwa bwinobwino. Koma amama, si zimene zachitika kwanuko."

Ndinatsika pachulupo. M'mudzi ndinangonena kuti professora wati n'zakutali. Mawu enawo ndinameza.

Azakhali anabwera masana, poyera, n'kunena odi ngati munthu. Anakhala pamphasa, anafunsa za chifuwa, kenako anayala nkhani. Sanakalipe. Anati anthu atopa, ndipo amuna ena akunena kuti munthuyu abwerere kumene anachokera, akafere konko. Adzukulu, amene amakumba manda, anena kale kuti khasu lawo silidzagwa pansi chifukwa cha munthu amene wadula mudzi, pokhapokha atakonza. Ndipo kukonza kwake n'kodziwika: wodula ndiye amachiza. Amaulula ndi pakamwa pake pamaso pa wodwalayo, n'kuthira mankhwala ndi mchere ndi dzanja lake lomwe lija.

"Wodwala wake uti, azakhali?" ndinafunsa. "Atupa miyendo ndani?"

Azakhali analoza ndi chibwano kuphiri, kumene mitambo inaunjikana. "Akwere akaipeze pamene imagona."

"Munthu uyu? Kupita kuchimbudzi kokha amapumira panjira! Mukufuna kumupha?"

"Ndikufuna agone pafupi ndi mayi ake," anatero azakhali. "Ine ndi amene ndikumumenyera nkhondo, mwana wanga. Enawo akufuna mota imubweze kumene anachokera."

Atachoka ndinawatembenukira alongo anga. Ndinawanena, ndinawanena mpaka malovu kuuma. Nditatopa anayankhula, maso ali pansi.

"Mana, chombo sindinakwerepo."

"Mwati bwanji?"

"Madzi ndimaopa. Zaka zonsezi ndinkasenza matumba pa porto, kuchotsa m'galimoto kupititsa m'nyumba yosungira katundu. Fetereza, simenti, mchere. Za mitambozo anandionetsa mnzanga pa telefone, tikudya. Ndinaziona zokongola, basi."

Ha! Sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndiwaponyere chikho. "Ndiye mudzi wonse ukudya nyemba zozizira chifukwa cha telefone ya mnzanu? Mawa mukanene. Mukanene pamaso pa onse kuti munanama."

Anakanena, Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, ataima pansi pa bulugamu atanditsamira ine. Kunali kowawa kuona. Munthu wamkulu kuvula yekha chinthu chimodzi chokha chimene anabwera atavala. Anati sanakwerepo chombo, anati anali wosenza matumba. Anthu anamvetsera ali chete, mitambo ija ili mbee pamwamba pa denga la tchalitchi. Kenako bambo wa munda woyandikana uja anati, "Odula onse amayamba n'kukana." Mitu inagwedezeka kuvomereza. Tsiku lija ananena bodza anthu anaseka osakhulupirira, lero akunena zoona anthu omwewo akukananso. Ndinafuna kung'amba chitenje.

Pobwerera kunyumba alongo anga anandiuza kuti akwera phirilo.

"Simukwera. Enfermeiro anati chiyani za kuzizira?"

"Ndikapanda kukwera ndifabe, mana. Kusiyana kwake n'kumene mukandiike."

Zinali zoona.

Tinanyamuka m'mawa nkhungu isanachoke. Azakhali anali patsogolo atanyamula phale, mankhwala atamanga pa nsonga ya nsalu. Ine ndinatenga makala a moto m'chitini ndi mchere wodzaza dzanja wochokera m'thumba lija. Alongo anga anali pakati ndi ndodo, nditawaveka majuzi onse a m'nyumba. Amuna angapo anatitsatira chapatali, koma titadutsa minda yomaliza anaima. Anati adikira pomwepo.

Phiri limenelo ndakwerapo kambirimbiri kukatola nkhuni ndi bowa, koma tsikulo sindinalidziwe. Tinalowa mumtambo weniweni. Miyala inkatulukira mwadzidzidzi pafupi ndi nkhope n'kusowanso. Kunalibe mbalame, kunalibe mphepo. Chimene chinkamveka ndi chifuwa cha alongo anga chokha, chikulira ngati chitseko chadzimbiri, ndipo akatsokomola phokosolo linkabwerera kuchokera kutsogolo, ngati kuli wina akutsokomola amene watitsogolera. Azakhali anayamba nyimbo ya kutchalitchi, anaimba mzere umodzi n'kuisiya. Timadontho tinadzaza pa nsidze zawo ndi pa bulangete, toyera. Ndinanyambita milomo yanga ndipo ndinamva mchere. Mwina linali thukuta. Mpaka lero ndimadziuza kuti linali thukuta.

Tinkapuma pafupipafupi. Pena ndinkawakoka, pena ndinkawakankha kumbuyo. Pamalo ena otsetsereka ndinawabereka, ine mayi wa zidzukulu kubereka mlongo wanga wamkulu, ndipo anali wopepuka moti ndinachita mantha kuposa mmene ndinkaopera mtambowo. Ndili nawo kumsana ndinkawatukwana chamumtima, ndinkatukwana azakhali, mudzi, ndi mnzawo wa telefone uja amene sindidzamuona.

Kenako nkhungu inayamba kuwala, kuwala, mpaka tinatulukira pamwamba pake.

Sindinadziwe kuti zimatheka munthu kuima pamwamba pa mitambo ndi mapazi ake. Kumwamba kunali kobiriwira, dzuwa lili lokha. Pansi pathu, kuyambira pa mwala umene tinaima mpaka kumene maso amalekeza, kunali koyera kokhakokha. Mudzi kunalibe, minda kunalibe, Malawi kunalibe. Nsonga za mapiri ena zinkangotuluka apo ndi apo, zakuda. Kuwala kwake kunkachokera pansi, kukutimenya kunsi kwa chibwano, moti nkhope ya azakhali inaoneka ngati ya munthu wina. Ndinaphimba maso ndi dzanja. Ndinamva mapewa a alongo anga akugwedezeka pambali panga, ndipo ndinaganiza kuti akulira. Ankaseka, kuseka kwa amayi kuja.

"Taona, mana," anatero. "Ikubwezadi dzuwa."

Anakhala pamwala n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anati nyanja imene ankaiona pa porto inali yamatope, yoyandama mafuta ndi mapepala. Yokongola ija, ya mu telefone, ndi iyi. Inali kwathu konkuno, pamwamba pa munda wa kachewere.

Azakhali anaika phale pamiyala, ndinathiramo makala, iwo anauzira mpaka anayaka. Anamasula mankhwala aja, timizu ndi makungwa, n'kuwapatsa alongo anga m'dzanja limodzi, mchere m'dzanja lina.

"Ulula, mwana wa achimwene."

Alongo anga anayang'ana mitambo ija. Atayamba kulankhula sankalankhula ndi mitambo.

"Amayi, uthenga ndinalandira. Woyamba ndinalandira, wachiwiri ndinalandiranso. Ndinachita manyazi kubwera chimanjamanja, ndinkati ndipeze kaye kanthu. Kanthuko sikanapezeke." Anatsokomola mpaka kuwerama. Anatchula mkazi amene anamusiya. Anatchula mwana amene sanamuone akuyenda. Anatchula ine, kuti anandisiyira mtembo ndekha. Zimene ndinkafuna kumva tsiku lija anafika ndinazimva pamenepo, ndipo sizinandikomere monga ndinkaganizira. Ndinangolira ngati mwana.

Anamaliza. Azakhali sanasunthe. Ankadikirabe, chifukwa si zimenezo zimene amuna aja anatsalira m'munsi kudikira.

Alongo anga anacheuka n'kundiyang'ana ine m'maso. Ankandipempha kuti nditseke pakamwa, ndinadziwa. Kenako ananena mokweza, mawu onse amene anatsala m'chifuwa chija:

"Ndi mchere wa m'mitambo ndinathira ndine. Ndinathira ndili wotentha. Ndikhululukireni."

Anaponya zonse m'phale. Mchere unathetheka pamoto, the-the-the. Utsi sunakwere kumwamba monga utsi umachitira. Unagona pamwala, unatsetsereka pang'onopang'ono n'kukalowa mumtambo umene unali kumapazi athu. Azakhali anati, "Walandira." Ine tsitsi linaima, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti munthuyu chombo sanakwerepo.

Potsika miyendo ya alongo anga inakana. Ndinakuwira amuna aja, ndipo anakwera n'kuwanyamula pa bulangete. Amene anagwira kumutu anali bambo wa munda woyandikana uja, ndipo ankayenda mosamala, ndimupatse zake.

Mvula sinagwe tsiku limenelo, kapena mawa lake. Mitambo inali yomweyo. Alongo anga thupi linatentha, anasiya kudya, ndipo sabata isanathe anamwalira masana, ine ndikuwapukuta nkhope. Panja anthu anayamba kale kunong'ona kuti mwina anabisako zina, n'chifukwa chake kumwamba sikunamasuke. Adzukulu anafika pabwalo koma anangoima, makasu ali paphewa. Azakhali ndi amene anatuluka n'kuwauza kuti, "Anaulula, ndinamva ndi makutu angawa. Zotsalazo n'za Mulungu. Kakumbeni." Anayang'anizana, kenako anapita. Anakumba pansi pa msuku, pambali pa amayi.

Tikuperekeza maliro ndinaona kuti mthunzi wasintha. Sindinafune kuyang'ana kumwamba, koma anthu onse ankayang'ana. Mitambo ija inali itada kunsi. Bokosi likutsika kunagunda kuseri kwa phiri, ndipo dothi lisanathe kubwezeredwa inayamba, madontho akuluakulu, kenako chimvula chenicheni. Nyimbo ya maliro inasokonekera. Akazi ena ankalira, ena ndinawaona ndi maso angawa akubisa kumwetulira m'zitenje.

Mvula imeneyo ndinaida. Inapulumutsa chimanga changa chomwe, koma ndinaida. Inali yoti igwa basi, Fevereiro sapita wouma kwathu kuno. Ikanagwa masiku angapo m'mbuyo, munthu sakanakwera phiri. Inadikira mpaka itatsimikizira bodza.

Titabwerera kunyumba ya siwa, tonse titanyowa, akazi anali pa mafuwa m'khumbi akuphika nyemba za anthu obwera kumaliro. Mnzanga wa ku Malawi uja, amene sanacheuke nditamuitana, anabwera n'kugwada pafupi nane. Anayamba ndi kupepesa maliro. Kenako anafunsa, maso ali pansi.

"Mchere uja ulipo?"

Ndinamuyang'ana nthawi yaitali. Mawu anali pakamwa, okwanira mudzi wonse. Ndinadzuka, ndinalowa m'chipinda chija, ndinakoka thumba mpaka pakhomo. Ndinathira ndekha m'miphika yonse, ndi dzanja langa, ndipo anthu anadya mpaka kupempha zina.

Masiku ano mitambo ikaunjikana yoyera choncho, ana a m'mudzi muno amati yabwera mitambo ya amalume. Amauza alendo kuti kuno kunali munthu amene anayenda pa chombo n'kuthira mchere kumwamba, ndipo amanena monyadira. Mwana wanga akabwera kuchokera ku Furancungo amawatsutsa, amati amalume ake anali wosenza matumba. Amandiyang'ana kuti ndimuvomereze, poti ndine ndekha wotsala amene ndinamva zonse. Ine ndimangoti sindinaliko kunyanjako.

Manda awo ndimalambula pamodzi ndi a amayi, udzu wake ndi umodzi. Ine adzandipezera pena, kumapazi kapena kuseri kwa msuku. Mchere uja sunathe, ndimathira pang'onopang'ono. Koma tsiku limene kunja kwayera choncho ndimaphikira m'nyumba, chitseko chili chotseka.